Kazimierz Nowak: bambo yemwe adadyetsa banja ndi njinga, tenti ndi kamera

Kumapeto kwa chaka cha 1931, bambo wina wa zaka 34 adatuluka mumzinda wa Tripoli m'dziko la Libya akupalasa njinga yakale ya mtundu wa Brennabor, yomwe idali itatha kale zaka zisanu ndi ziwiri ikutumikira. Panjingapo adamangapo tenti, kamera, madzi akumwa ndi tizovala tochepa. Adalunjika kummwera, kuchipululu cha Sahara, ndipo komwe ankafuna kukafika kudali kunsonga kwenikweni kwa Africa, m'dziko la South Africa.

Dzina lake adali Kazimierz Nowak, mzika ya dziko la Poland. Palibe boma lomwe lidamutuma. Adalibe amtengatenga, adalibe khukhi, adalibe womasulira chiyankhulo monga ankachitira azungu ena oyenda mu Africa masiku amenewo. Kwawo adasiya mkazi ndi ana awiri, ndipo chakudya cha anthu atatuwa chinkayenera kuchokera muulendo womwewu.

Adabwerera kwawo patatha zaka zisanu, atayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 40,000. Mtunda umenewu ukufanana ndi kuzungulira dziko lonse lapansi kamodzi, kapena kuyenda kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe maulendo oposa 120.

Nowak adabadwa pa 11 January 1897 m'tauni ya Stryj, yomwe lero ili m'dziko la Ukraine. Nthawi imeneyo dziko la Poland kudalibe pamapu, pakuti maufumu atatu a Russia, Prussia ndi Austria adali ataligawana. Lidadzapezanso ufulu mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikuthandiza kumvetsa maso omwe mkuluyu adaonera Africa wa atsamunda. Iye adakula akudziwa kuwawa kwa kulamulidwa ndi alendo.

Nkhondo itatha adasamukira mumzinda wa Poznań komwe adapeza ntchito ya ukalaliki pakampani ya inshuwalansi. Mu March 1922 adakwatira Maria Gorcik ndipo awiriwa adadalitsidwa ndi ana awiri, Elżbieta ndi Romuald. Koma chuma cha dziko latsopanolo chidali pamavuto aakulu, ntchito zinkasowa, ndipo ya Nowak nayo sidakhalitse.

Apa mpomwe adaganiza zomwe ambiri akadaziona ngati misala. Adali ndi njinga, ankadziwa kujambula zithunzi komanso kulemba. Nyuzipepala ndi magazini a kwawo ankalipira nkhani ndi zithunzi za maiko akutali. Choncho mu 1925 adakwera njinga n'kuyamba kuzungulira maiko a ku Ulaya, akutumiza nkhani kwawo. Adadutsa maiko monga Hungary, Austria, Italy, Greece ndi Turkey. Mu 1928 adafika mpaka ku Libya, koma matenda ndi kutha kwa ndalama zidamubweza.

Chaka chotsatira, mu 1929, chuma cha dziko lonse lapansi chidagwa ndipo ulova udafika posauzana. Nowak adanyamuka ku Poznań pa 4 November 1931, ulendo wa ku Africa kachiwiri.

Chipululu chidamulandira mwankhanza. Njinga yolemedwa ndi katundu siyenda mumchenga, choncho malo ambiri ankachita kuikankha. Madzi ndiwo adali katundu wolemera kuposa onse, komanso wosatheka kumusiya. Kuonjezera apo, dziko la Libya lidali lisadapole mabala a nkhondo. Asilikali a Italy adali atangonyonga kumene mtsogoleri wa omenyera ufulu, Omar al-Mukhtar, mu September 1931, ndipo ankakayikira mlendo aliyense. Atafika pachitsime cha Maradah mu March 1932, akuluakulu a boma la atsamunda sadamvetse kuti munthu wabwinobwino angapezeke pakati pa chipululu ali yekha ndi njinga. Sadamulole kupitirira kummwera. Adamulamula kuti abwerere kugombe la nyanja, adzere ku Benghazi n'kulowera ku Alexandria m'dziko la Egypt.

Kuchoka kumeneko adatsata mtsinje wa Nile, kudutsa Egypt ndi Sudan, n'kulowa m'dera la nyanja zikuluzikulu, ku Belgian Congo ndi ku Rwanda.

Tikagawa makilomita 40,000 ndi masiku a zaka zisanu, tipeza kuti pa tsiku ankayenda makilomita ongopitirira 20 pang'ono. Mnyamata wa kabaza angaseke, poti iye amapha mtunda woterewu dzuwa lisadafike paliwombo. Komatu chiwerengero chimenechi ndicho chikuulula mmene moyo wa paulendowu udalili. Mkati mwake muli masiku okankha njinga mumchenga ndi m'matope, masiku ogona m'tenti akunjenjemera ndi malungo, masiku okonza njinga, ndi masabata odikira kalata kapena ndalama papositi ofesi ya m'tauni yachilendo.

Kupalasa kudali chabe gawo limodzi la ntchito ya tsikulo. Woyenda chotere amadzuka kusadache kuti apheko mtunda dzuwa lisadakwiye. Amapinda tenti yomwe nthawi zambiri imakhala itanyowa ndi mame, ndipo yonyowa imalemera. Amamanga katundu yense mwaluso, chifukwa akapendekera mbali imodzi njinga imakoka ndipo masipoko amathothoka. Aliyense yemwe adanyamulapo thumba la chimanga pakaliyala kupita kuchigayo akudziwa zimenezi.

Dzuwa likapendeka pamabwera mafunso atatu omwe sasintha: madzi ali kuti, ndidya chiyani, ndigona pati?

Yankho la funso lachiwiri linkalembedwa m'minda yomwe wadutsamo tsikulo. Munthu wa panjinga sangasenze chakudya cha mwezi wathunthu, choncho amadya zomwe eni dera alima. M'zitsime za m'chipululu mudali zipatso za kanjedza. M'mbali mwa Nile ku Egypt mudali nyemba, anyezi, nzimbe ndi buledi. Ku Sudan kudali mapira ndi mkaka. M'mapiri a ku Rwanda mudali nthochi, mbatata ndi nyemba, ku Congo chinangwa, ndipo kummwera kuno chimanga, mawere ndi mtedza. Eni dera akakolola bwino, mlendo naye ankakhuta. Akakhala pa njala, ndalama ya mlendoyo, yomwe idalinso yochepa, sinkagula kanthu.

Ndipo zaka zimenezo sizidali zabwino kwa alimi a chigawo chino. Kuyambira cha m'ma 1930, dzombe lofiira lomwe lidaswana m'madambo a Mweru wa Ntipa ndi Rukwa lidafalikira pafupifupi m'maiko onse a kummwera kwa Africa ndipo mliriwo udatenga zaka zoposa khumi. Agogo athu ena ankawerengera zaka zawo zobadwa kuchokera pa dzombe limeneli.

Funso la pogona nalo lili ndi nzeru zake. M'dera la minda mulibe malo opanda mwini. Ku Egypt nthaka yachonde ndi kachingwe chabe m'mbali mwa mtsinje, ndipo alimi amalima mpaka m'mphepete mwa njira, moti pokhoma tenti pamasowa. Kwathu kuno malo amaoneka ochuluka, koma tsala lililonse lili ndi mwini wake, ndipo mlendo wanzeru amayamba waonekera kwa mfumu. Akakhoma pafupi ndi mudzi amapeza madzi, moto ndi chitetezo, koma mtendere sakhala nawo, poti mudzi wonse umabwera kudzaona. Akakhoma kutali amapeza bata, koma afisi ndi zilombo zina amakhala anansi ake. Kufupi ndi dambo kuli madzi, komanso ndiko kuli udzudzu. Ndiye pali chiswe chomwe chimadya chilichonse chosiyidwa pansi, linthumbu lomwe limatha kusamutsa munthu pakati pa usiku, matekenya m'zala za kumapazi ndi kashembe m'nkhalango.

Nowak ankakonda kugona m'tenti yake kapena m'midzi kusiyana ndi m'matauni a azungu. China chidali umphawi, hotela sakadaikwanitsa. China chidali chakuti azungu anzake ambiri sankamufuna. Ulamuliro wa atsamunda unkadalira kwambiri chithunzi chakuti mzungu ndi bwana, woyenda pagalimoto kapena pamachila, wokhala ndi antchito. Tsono apa pakutulukira mzungu wong'ambikirwa zovala, wa ndevu zosameta, akukankha yekha njinga, akudziphikira yekha pamafuwa, akupempha madzi pakhomo la munthu wakuda. Kwa mabwanamkubwa ndi ma DC, munthu wotere adali chochititsa manyazi.

Kwa anthu a m'midzi adali chodabwitsa, ndipo kawirikawiri adali mlendo basi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho ankapatsidwa madzi, pokhoma tenti ndi kanthu kolawa. Sikuti paliponse ankamulandira ndi manja awiri ayi. M'madera momwe mzungu ankabwera kudzatolera msonkho kapena kudzagwira anthu a thangata, kuona khungu loyera kudali chifukwa chokwanira chothawira kutchire. Koma tikanena mwachilungamo, ulendo wotchukawu udayenda pa nkhokwe za alimi osauka omwe maina awo sadalembedwe paliponse.

Anthu akagona, ntchito yomwe inkabweretsa ndalama ndiye inkayamba. Ankalemba nkhani za nyuzipepala, n'kulembanso makalata ataliatali kwa mkazi wake yemwe ankamutchula mwachikondi kuti Maryś. Ankasamala mafilimu ake ngati mazira, popeza kutentha ndi chinyezi zimaononga filimu msanga. Paulendo wonse adajambula zithunzi zoposa 10,000, ndipo mkatikati mwa ulendowo adapeza kamera yabwinoko ya mtundu wa Contax.

Akafika pomwe pali positi ofesi ankatumiza zonsezi ku Poland. Kumeneko Maria, yemwe ankakhala ndi ana m'mudzi wa Boruszyn, ndiye ankazilandira, kuzipereka kwa akonzi a magazini monga Światowid, Ilustracja Polska ndi Przewodnik Katolicki, n'kumalondola malipiro. Ndalama imeneyo ndiyo inkagula chakudya cha ana, ina n'kubwerera ku Africa kukagula mafilimu ndi masitampa. Kalata inkatenga masabata ambiri panjira. Taganizani, mayi kulera yekha ana awiri zaka zisanu, osadziwa ngati kalata yomwe ali nayo m'manja yalembedwa ndi munthu yemwe akadali moyo. Mbiri imatchula kwambiri mwamuna wake, koma theka la ntchitoyi adaligwira ndi mayiyu.

Thandizo lochokera kwina lidali lochepa zedi. Kampani ya Stomil ya ku Poznań ndiyo inkamutumizira matayala, chinthu chofunika kwambiri panjira za minga ndi miyala. Ku Poland kudali bungwe lamphamvu lotchedwa Liga Morska i Kolonialna, lomwe linkalimbikitsa kuti dzikolo nalo lipeze maiko olamulira ku Africa. Mukadayembekeza kuti bungweli limunyamula pamapewa munthu wotere, koma silidatero. Nkhani za Nowak zinkadzudzula dyera la atsamunda ndi mmene ankazunzira eni dziko pofuna chuma cha m'nthaka, ndipo uthenga wotere sunkathandiza zolinga za bungwelo.

Sitikunena kuti mkuluyu adali mngelo. Adali munthu wa nthawi yake, ndipo m'zolemba zake muli mawu ena onena za anthu akuda omwe wowerenga wa lero angakwinye nawo nkhope. Chomwe chikumusiyanitsa ndi anzake n'chakuti Africa adamuonera pansi, pa liwiro la munthu wokankha njinga, ali ndi njala ndi ludzu lofanana ndi la anthu omwe ankawalemba.

Mu 1933 adatsika kudzera ku Katanga, dera la migodi ya kopa lomwe likulu lake lidali Elisabethville, lero Lubumbashi, n'kulowa m'dziko la Northern Rhodesia lomwe tsopano ndi Zambia. Adalipeza dzikolo lili pamavuto ofanana ndi omwe adamuthamangitsa kwawo. Mtengo wa kopa udali utagwa, migodi ingapo ya ku Copperbelt idali itatsekedwa, ndipo anthu masauzande, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland, adali atachotsedwa ntchito n'kubwerera kumidzi komwe msonkho unkawadikirabe.

M'dziko limeneli mudalinso anthu akwawo. Mishoni za Katolika za chigawo cha Broken Hill, lero Kabwe, zidali m'manja mwa ansembe a chipani cha Jesuit ochokera ku Poland, omwe adali ndi malo monga Kasisi, Chingombe ndi Katondwe. Paulendo wonsewu mishoni ndizo zidali malo ake opumulirako, komwe ankapeza denga, mankhwala ndi munthu wocheza naye. Kwa munthu yemwe watha zaka ziwiri chiyankhulo chake akungochilemba papepala, kuchimva m'kamwa mwa munthu wina sichidali chinthu chaching'ono.

Adaoloka Zambezi pa mathithi a Victoria Falls, kudutsa Southern Rhodesia, lero Zimbabwe, ndipo mu April 1934 adafika pa Cape Agulhas, pomwe Africa amathera.

Apa aliyense akadati basi, zakwana. Ku Cape Town Angerezi ena, pochita chidwi ndi zomwe adachita, adafuna kumugulira tikiti ya sitima yapamadzi, ya kalasi yoyamba, kuti abwerere kwawo. Iye adakana. Adasankha kubwerera pamtunda, kudzera njira ina ya kumadzulo. Ena amati kudali kuuma mutu, ndipo mwina n'zoona. Koma tisaiwale kuti ku Poland ntchito idali isadamudikire, ndipo nkhani za ulendo zimagulidwa pokhapokha ulendowo ukupitirira.

Njinga ija, yomwe idali itamatidwa ndi kumangidwa kosawerengeka, idatheratu m'chipululu cha South West Africa, lero Namibia. Mlimi wina wa ku Poland yemwe ankakhala kumeneko adamupatsa hatchi yotchedwa Ryś, ndipo adapezanso ina yotchedwa Żbik. Pahatchi adayenda makilomita pafupifupi 3,000 kulowera ku Angola. Moyo wa tsiku ndi tsiku udasintha. Njinga siidya, siimwa, ndipo mikango ilibe nayo ntchito. Hatchi imafuna msipu, madzi ndi mlonda usiku.

Atafika pa mtsinje wa Kasai adakwera bwato lomwe adalitcha Poznań I, koma lidaonongeka pamathithi. Adayenda wapansi makilomita mazanamazana, n'kupeza bwato lina lomwe adalipatsa dzina la mkazi wake, Maryś. Ndi bwato limeneli adatsika mitsinje ya Lulua, Kasai ndi Congo ali yekha kwa miyezi iwiri, n'kufika ku Léopoldville, lero Kinshasa, mu September 1935. Kuchoka apo adakweranso njinga mpaka kunyanja ya Chad.

Kumeneko Afalansa, omwe ankalamulira deralo, adamukaniza kuoloka Sahara yekha panjinga. Adagula ngamila, n'kutha miyezi isanu pamsana pake mpaka tauni ya Ouargla ku Algeria. Chigawo chotsiriza, chopita mumzinda wa Algiers kugombe la nyanja ya Mediterranean, adachiyendanso panjinga, ndipo adafika mu November 1936.

Kumeneko kudalibe gulu la oyimba malipenga. Ndalama zotsala adagulira zovala, popeza ku Ulaya kudali kukuzizira, ndi tikiti yoolokera ku Marseille. Ku France adapita kwa anthu akwawo ogwira ntchito m'migodi pafupi ndi Saint-Étienne komwe adagulitsa zithunzi kuti apeze ya thiransipoti, ndipo yotsala adachita kubwereka ku ofesi ya kazembe wa dziko lake. Adafika ku Poznań kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ya 1936 ikwane.

Miyezi yotsatira adaitha akukamba za ulendo wake ndi kuonetsa zithunzi m'holo ya kanema ya Apollo ku Poznań, pa yunivesite ya Jagiellonian ku Kraków komanso ku Warsaw. Adali ndi maganizo olemba buku ndi kukonza ulendo wina. Koma thupi lidali litatha. Malungo obwerezabwereza adali atamufoola, ndipo fupa la mwendo wake wamanzere lidagwidwa matenda omwe adafunika opaleshoni. Ali m'chipatala adadwala chibayo, ndipo adamwalira pa 13 October 1937 ali ndi zaka 40. Chibwerereni kwa Maria ndi ana, chaka chidali chisadathe.

Patangotha zaka ziwiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayambira m'dziko lake lomwelo, ndipo dzina lake lidakwiririka m'magazini akale kwa zaka zoposa 60. Adadzalifukula ndi mlembi Łukasz Wierzbicki, yemwe adamva za munthuyu kwa agogo ake. Iye adasonkhanitsa nkhani zomwazikazo n'kuzitulutsa m'buku mu 2000, lotchedwa Rowerem i pieszo przez Czarny Ląd, kutanthauza ulendo wa panjinga ndi wapansi kudutsa Africa. Mu November 2006, mtolankhani wotchuka Ryszard Kapuściński, yemwe naye adalemba zambiri za Africa, adavundukula chikwangwani chokumbukira Nowak pa siteshoni ya sitima ya Poznań, pomwe ulendo udayambira. Makalata ake opita kwa Maria nawo adasindikizidwa m'mabuku angapo.

Mu November 2009 anthu a ku Poland adayamba ulendo wopatsirana wotchedwa Afryka Nowaka, wotsata njira yonse yomwe iye adadzera, kuphatikizapo ya ku Zambia ndi Zimbabwe. Adagawana mtundawo m'zigawo, gulu lililonse likupalasa chigawo chake kwa masabata angapo kenaka n'kusiyira linzake, ali ndi mapu abwino, mafoni ndi mankhwala a malungo. Ngakhale adali ambiri chotero, zidawatengera zaka zoposa ziwiri kuti amalize.